Tizigoba Timene Maso Anga Anatilumpha

Ndinabwera ku London ndili mnyamata wa sekondale, bambo anga atathawa kwathu pa nkhani za ndale. Tinakhazikika ku Edmonton, dera la kumpoto kwa mzindawo, m'kanyumba ka pamwamba pa sitolo yogulitsa makapeti, ndipo mpaka lero sindinasamuke m'deralo. Alongo anga awiri analowa unamwino, mng'ono wanga anakhala dalaivala wa basi. Ine ndinaphunzira za miyala ndi nthaka, ndipo maphunzirowo ananditengera kumene palibe aliyense pabanja pathu ankakuganizira, ku matope a pansi pa nyanja yozizira yozungulira Antakitika, kumwera kwenikweni kwa dziko lapansi.

Ndiyambe ndafotokoza ntchitoyo, chifukwa popanda kutero zimene zinandichitikira sizingamveke. M'nyanja imeneyo, nyengo yozizira ikafika, madzi a pamwamba amaundana n'kukuta dera lalikulu zedi, ndipo kukayamba kufunda ayeziwo amasungunuka n'kubwerera m'mbuyo. Anthu anayamba kuyeza bwino kukula kwake posachedwapa. Za kalekale palibe anaziona. Koma m'madzimo mumakhala ndere zazing'ono kwambiri, zosaoneka ndi maso paokha, ndipo iliyonse ili ndi kachigoba kolimba konga galasi. Zikafa, tizigobato timamira mpaka pansi n'kukwiririka m'matope, ta chaka chino pamwamba pa ta chaka chatha. Mitundu ina ya ndere imakonda madzi otseguka. Ina imakhala m'mphepete mwa ayezi, ngakhale m'kati mwake mwenimwenimo. Ndiye ukatenga matope a nthawi inayake n'kuwerenga tizigoba ta mtundu uliwonse, umadziwa ngati ayezi ankafika pamalopo kapena ayi.

Matopewo timakawatenga pa sitima. Amatsitsa chipaipi chachitali ndi chingwe chachitsulo, chimalowa pansi ndi kulemera kwake komwe, ndipo chikatuluka chimakhala chodzaza matope osanjikizana bwinobwino, akale kwambiri kunsi, atsopano kumtunda. Ine ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinasanza masiku oyambirira onse, ndipo amene ankandibweretsera tiyi ndi mabisiketi ouma anali mzimayi wina wamfupi wa kumpoto kwa England, mwana wa msodzi, amene nyanja sinkamuchita kanthu. Titabwerera ku London zinachitika kuti tinayamba kugwira ntchito pa yunivesite imodzi, zipinda zathu zili pa khonde limodzi. Iye sankawerenga tizigoba. Ndere za mu ayezi zimasiyanso kamafuta kenakake m'matope, ndipo ntchito yake inali yokafufuza kamafutako ndi makemikolo ndi makina. Tinkafunsa funso limodzi, aliyense m'njira yake.

Masiku anga ambiri ankafanana. M'mawa ndinkakwera sitima ya pamtunda yolowa m'tauni, n'kufika m'kachipinda kanga kokhala ndi windo loyang'ana pa khoma la njerwa. Ndinkaika kagalasi kopaka timatope pa maikulosikopu, chipangizo chokulitsira zinthu zazing'ono, n'kuyamba kuwerenga, dzanja lamanja likuyendetsa kagalasiko, lamanzere likudina kachipangizo kowerengera. Pa kagalasi kalikonse pamafunika tizigoba mazana atatu. Ena ankati ntchitoyo ndi yotopetsa, koma ine ndinkaikonda. Tizigoba tina ndi tozungulira ngati thireyi, tina tatitali ngati bwato, tili ndi timabowo toyalana mwadongosolo. Ta m'madzi otseguka kawirikawiri timakhala tatikulu, tokhuthala. Ta mu ayezi, makamaka mtundu umodzi, ndi tating'ono kwambiri, topyapyala, tosiyana pang'ono chabe ndi kuwala kwa kumbuyo kwake.

Mkazi wanga anabadwira pa famu ku Zimbabwe, kumene makolo ake anapita kuchokera ku Malawi kukagwira ntchito ya fodya. Ndi namwino pa chipatala chachikulu cha kwathu ku Edmonton. Kutchalitchi anthu akamufunsa ntchito ya mwamuna wake, ankayankha kuti ndimawerenga fumbi la m'nyanja, ndipo iwo ankaseka poganiza kuti akunena nthabwala.

Pa ulendo wachiwiri tinatulutsa chipaipi chimene matope ake anafika pa nthawi ina yofunda, zaka zoposa zikwi zana limodzi zapitazo, pamene dziko linali lotentherapo pang'ono kuposa lero. Nthawi imeneyo asayansi amaifunitsitsa, chifukwa dziko likutenthanso, ndipo aliyense akufuna kudziwa zimene ayezi anachita pa nthawi yofundayo. Gawo la kumtunda ndinali nditaliwerenga kale, ndipo tizigoba ta mu ayezi tinalimo tambiri. Ntchito zina zinandichedwetsa, moti gawo la kunsi ndinalifika patapita zaka zingapo. Nditalowa m'matope a nthawi yofunda ija, tizigoba ta mu ayezi tinayamba kuchepa. Kenako tinasoweratu. Kagalasi ndi kagalasi, sabata ndi sabata, sindinapeze ngakhale kamodzi.

Tanthauzo lake linali lalikulu. Malo amene tinatenga matopewo ali kumwera kwambiri, kumene lero ayezi amafika chaka chilichonse. Ngati panthawiyo sankafika n'komwe, ngakhale pakati pa nyengo yozizira, ndiye kuti kutentha kochepa chabe kungathe kuchotsa ayezi pa dera lalikulu kuposa mmene tinkaganizira. Ndinafotokoza zimenezi pa msonkhano wa dipatimenti yathu. Mkulu wa dipatimenti anandiuza kuti ndilembe mwamsanga titumize ku magazini ya asayansi. Sindingabise kuti ndinanyadira. Ndinali nditadutsa zaka makumi asanu, ndipo aka kanali koyamba kupeza chinthu chimene anthu a kunja kwa khonde lathu angachilabadire.

Mnzanga wa pa sitima uja anatenga matope a magawo omwewo n'kuwayeza m'makina ake. Zotsatira zitatuluka anabwera m'chipinda changa n'kutseka chitseko, zimene sankachita kawirikawiri. Anati kamafuta ka ndere za mu ayezi kalimo. Kachepa ndithu poyerekeza ndi kumtunda, koma kalimo m'gawo lililonse. Ine ndinati mwina kanakokoloka ndi madzi kuchokera kwina. Iye anavomera kuti zimenezo n'zotheka, koma anati sakuona chifukwa chimene kakanakokolokera mofanana kwa zaka masauzande ambiri. Ndinamuuza kuti ine ndawerenga tizigoba kwa theka la moyo wanga, ndipo kulibe kumatanthauza kulibe. Anangogwedeza mutu n'kutuluka. Kwa milungu ingapo tinkapatsana moni wa pakhonde basi.

Tsiku lina masana, kunja kukugwa mvula yowaza, anagogoda n'kupempha kuti aone nawo magalasi anga. Anati sakudziwa zambiri za tizigoba, zimene amadziwa ndi zomwe ndinamuphunzitsa pa sitima, koma akufuna aone ndi maso ake kuti mtima wake ukhale pansi. Ndinamupatsa mpando wanga, ine n'kuima pambali nditapinda manja. Anakhala nthawi ndithu akuyendetsa kagalasi. Kenako anaweramuka.

"Nanga aka n'kachiyani?" anafunsa.

Ndinawerama n'kuyang'ana. Ndinaona kachigoba kakakulu ka m'madzi otseguka, ndi zidutswa zingapo.

"Kati?"

"Kumanzere kwa kakakuluko, chakumunsi pang'ono."

"Palibe kanthu apo," ndinatero.

Anagwira kachitsulo koyendetsera n'kusuntha kagalasiko pang'onopang'ono mpaka malo amene ankanenawo anafika pakati penipeni. Ndinayang'ananso. Kanalipo. Kachigoba kakang'ono, kowongoka, kosongoka pang'ono kumapeto, kamene ndinakaphunzitsa ophunzira ambirimbiri kukazindikira. Ndinasuntha kagalasiko ndekha kubwerera pamene kanali poyamba, ndipo kachigobako kanazimiririka ngati munthu wakapukuta. Ndinakabweza pakati, kanaonekanso.

Pa kagalasi komweko mnzangayo anandipezera tina tinayi kapena tisanu. Pomaliza anachotsa manja ake pa maikulosikopu n'kuwaika pa maondo. Anandifunsa motsitsa mawu kuti maso ndinawayezetsa liti. Ndinati ndili ndi magalasi owerengera amene ndinagula m'sitolo ya mankhwala, ndipo amandikwanira. Ndikulankhula choncho ndinayamba kukumbukira zina. Phewa langa lamanzere linkagunda mafelemu a zitseko. Galimoto ndinali nditaikwalula kawiri mbali imodzi yomweyo polowa pageti. Kunyumba ndinkafunafuna kapu ili pafupi ndi chigongono changa. Chilichonse mwa izi pachokha chinali ndi chifukwa chake, kutopa kapena changu.

Madzulo ake ndinamufotokozera mkazi wanga tikutsuka mbale. Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pa thaulo mosafulumira. Anati za zitsekozo anali ataziona, ndipo kawiri konse anandiuza kuti ndikayezetse, ine n'kuyankha kuti ndipita ndikamaliza kuwerenga.

"Bambo, mawa tikuimba foni kwa dokotala," anatero. "Sikuti ndikukupemphani ayi."

Kuchipatala anandikhazika patsogolo pa makina onga beseni loyera, chibwano changa chitatsamira pa kathabwa, diso limodzi litaphimbidwa. Anandipatsa kabatani kuti ndizidina ndikaona kakuwala kakuphethira paliponse m'besenimo. Poyamba ndinkadina pafupipafupi. Kenako panayamba kudutsa nthawi yaitali popanda kuona kanthu, makina akungolira okha, ine ndikudziwa kuti timagetsito tikuyaka penapake. Dokotala, mzimayi wolankhula mofatsa, anationetsa pepala lokhala ndi mabwalo awiri, lililonse lili ndi zigamba zakuda. Anati matendawa ndi gulakoma. Madzi a m'diso amachuluka mphamvu n'kumapanikiza mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo umafa pang'onopang'ono popanda ululu uliwonse. Ubongo umadzaza wokha malo osowawo, n'chifukwa chake munthu saona mdima, amangoona ngati palibe kanthu. Zinthu zotuwa, zosasiyana kwambiri ndi pamene zili, ndi zimene zimayamba kutayika.

Ndinafunsa ngati zimene zatayikazo zingabwerere. Anati ayi. Mankhwala odontheza m'maso, ndipo mwina opaleshoni m'tsogolo, n'zoteteza zotsalazo. Anati ndisiye kuyendetsa galimoto. Kenako anafunsa ngati pabanja pathu panali wina amene anachita khungu. Ndinati bambo anga, m'zaka zawo zomaliza, koma ife tinkati ndi shuga ndi ukalamba.

Pobwerera tinakwera basi. Mkazi wanga anakhala kumanzere kwanga, ndipo ndinazindikira kuti ndikayang'ana kutsogolo sindikumuona n'komwe. Ndinangomva dzanja lake pa bondo langa.

Amayi anga anali adakali moyo nthawi imeneyo, akukhala okha m'kafulati kapansi pafupi ndi tchalitchi chathu. Ndinapita Loweruka kukawauza. Anamvetsera ataweramitsa mutu, akusisita m'mphepete mwa tebulo ndi chala. Nditamaliza anati bambo anayamba chimodzimodzi. Ankadandaula kuti magetsi a dziko lino ndi ofooka, ankasintha mababu m'nyumba monse. Kutchalitchi anasiya kuwerenga mawu kutsogolo, n'kumati akupereka mpata kwa achinyamata. Amayi ankadziwa, koma bambo anali munthu amene anataya kale zambiri, dziko, ntchito ndi abale, ndipo amayiwo analibe mtima wowauza kuti akutayanso china.

"Iwe usachite ngati bambo ako," anatero. "Ukawauze anzako kuntchito. Ukawauzenso azibale ako akayezetse, ndi mwana wako yemwe."

Anapemphera nthawi yaitali atandigwira mutu, monga ankachitira ndili mwana ndikamapita kukalemba mayeso. Potuluka anandiperekeza mpaka pageti, ngakhale miyendo inkawavuta.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti ndi mnzanga uja. Ndinati zolemba zathu zisatumizidwe, ndipo ndinafotokoza chifukwa chake. Mkuluyo anandimvera chisoni, koma ndinaona kuti wakhumudwanso, ndipo sindinamuimbe mlandu. Chovuta kwambiri chinali funso limene ndinalifunsa ndekha: kodi zimenezi zinayamba liti? Dokotala sakanatha kunena chaka. Ndiye panalibe kuchitira mwina, magalasi onse amene ndinawerenga m'zaka zapafupizo anayenera kuwerengedwanso ndi munthu wina, kubwerera m'mbuyo mpaka pamene ziwerengero zake ndi zanga zidzayambe kugwirizana.

Ntchitoyo inaperekedwa kwa katswiri wa pa yunivesite ina, bambo amene ndinkakumana naye m'misonkhano ndipo nthawi zina tinkatsutsana. Anavomera popanda kufunsa zambiri. Tinagwirizana kuti asaone ziwerengero zanga, asadziwenso kuti kagalasi kalikonse kachokera pa gawo liti. Ine ndinapempha kuti ndizikonza magalasi atsopano a matope omwewo, poti imeneyo ndi ntchito ya manja: kutapa timatope, kutitsuka, kutidontheza pa galasi, kuumitsa, kumata. Ndinkawalongedza m'timabokosi n'kuwatumiza. Chaka chimenecho chinali chachitali. Ndinkadutsa pa chitseko cha kachipinda kanga kakale, maikulosikopu ataphimbidwa ndi pulasitiki, ndipo masiku ena ndinkalowa n'kukhala pampando osayatsa kanthu.

Kunyumba ndinasanduka munthu wovuta. Ndinkakwiya wina akasuntha mpando kapena kusiya nsapato pakhonde. Mwana wathu wamkazi, amene amamva Chichewa koma amayankha m'Chingelezi, anabwera kuchokera kukoleji n'kupita kukayezetsa monga agogo ake ananenera. Maso ake anapezeka abwino. Maso a mng'ono wanga anapezeka kuti ayamba kumene kudwala, diso limodzi, ndipo anayamba mankhwala nthawi yomweyo. Ntchito yake ya basi anaisunga. Atandiimbira kundiuza, ndinalowa kubafa n'kulira, kulira koyamba chiyambire zonsezi, ndipo mpaka pano sindidziwa bwino ngati kunali kwa chimwemwe kapena kwa nsanje.

Zotsatira zinkabwera pang'onopang'ono. Magalasi akale kwambiri anagwirizana ndi ziwerengero zanga, ndipo zimenezo zinandipepuza mtima kuposa mmene ndingafotokozere. Kusiyana kunayambira pa ntchito ya zaka zitatu kapena zinayi zomaliza, poyamba pang'ono, kenako kwambiri. Kafukufuku mmodzi wamng'ono amene tinali titafalitsa kale anakhudzidwa, ndipo ndinalembera akonzi a magazini imene anatulukamo kuti akonze. Ndinkaopa kuti anzanga a m'mayiko ena andiseka. Angapo anandilembera mawu achifundo, ambiri sananene kanthu, ndipo mmodzi anandiuza kuti wapita kukayezetsa maso.

Za nthawi yofunda ija zinatuluka motere. Ayezi anachepadi, ndipo anachepa kwambiri, kwa zaka masauzande angapo. Koma sanasoweretu. M'nyengo yozizira ankafikabe pamalo pathu paja, mwina osati chaka chilichonse. Tizigoba ndi kamafuta zinanena chinthu chimodzi. Sinali nkhani yogwedeza anthu ngati yanga yoyamba ija, komabe inali yodetsa nkhawa mokwanira, ndipo inaima pa miyendo iwiri. Polemba, mnzanga anaumirira kuti dzina langa likhale loyamba, poti matopewo ndinakawatenga ndine ndipo funso linali langa. Ndinakana. Tinakangana masana onse, ndipo pomaliza dzina lake linatsogola, la katswiri uja linatsatira, langa linakhala lachitatu. Kumapeto kwa zolembazo tinaikako ndime yaifupi yolangiza kuti magalasi ena aziwerengedwa ndi anthu awiri mosaonerana. Sitinatchule chifukwa chake, ngakhale ambiri ankachidziwa.

Amayi anamwalira zolembazo zisanatuluke. Tinawaika pafupi ndi bambo, m'manda a kumpoto kwa mzinda, tsiku la mphepo yozizira kwambiri. Pa mwambo wa kutchalitchi anandipempha kuwerenga mawu, ndipo ndinawerenga pa pepala limene mwana wanga anandisindikizira ndi zilembo zazikulu.

Yunivesite inandipatsa mwayi wopuma msanga pa ntchito. Mkazi wanga anati ndisankhe ndekha, koma anaonjeza kuti sakufuna mwamuna wongokhala pawindo kuwerengera mabasi. Ndinapita kwa mnzanga n'kumufunsa ngati munthu wa msinkhu wanga angaphunzire ntchito yake ya makemikolo. Anati makina ake amaonetsa zotsatira pa kompyuta, ndipo zilembo ndi mizere zingathe kukulitsidwa mmene ndingafunire. Anandichenjeza kuti ndi mphunzitsi wosaleza mtima, ndipo sananame. Ndinayambira pansi penipeni, kutsuka mabotolo ndi kuyeza kulemera kwa matope ouma. Ndinaswa mabotolo angapo a kumanzere kwanga mpaka ndinaphunzira kuika chilichonse kumanja. Anandidzudzula pamaso pa ophunzira kawiri, ndipo kachiwiriko anabwera kudzapepesa atanyamula makeke a ku kantini.

Patapita miyezi yambiri anandilola kuyeza matope ndekha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anali a chipaipi china, chochokera kum'mawa kwa malo athu akale, chimene chinali chisanayezedwe ndi aliyense. Ndinawasungunula, kuwasefa, kuwaika m'makina, n'kukhala pansi kudikira. Mzere unayamba kuyenda pa kompyuta, wathyathyathya kwa nthawi yaitali, kenako unakwera pamalo enieni a kamafuta ka ndere za mu ayezi n'kutsikanso. Ayezi ankafika pamenepo. Ndinayang'ana ndi diso lamanja, ndinatembenuza mutu n'kuyang'ananso, kenako ndinaitana mmodzi mwa ophunzira kuti andiuze zimene akuona ndisanamuuze zanga. Ananena zomwezo.

Ndinapita ku ofesi ya mnzanga kuti ndikamuuze, koma ndinapeza ali m'kalasi. Ndinabwerera ku chipinda cha makina, ndinasunga zotsatirazo, ndipo poti nthawi inalipo ndinayamba kuyeza kulemera kwa matope a gawo lotsatira.